Kapitawo wakana kuyenda, ati Loweruka akamubaye jakisoni

Aphungu,

Loweruka likubwerali amuna anga akufuna kupita ndi galu wathu kwa dokotala wa ziweto kuti akamubaye jakisoni womupumitsa, kugona kosadzukanso kuja. Ine mtima ukukana, koma ndilibe mawu oti ndiwatsutse nawo. Chonde ndithandizeni.

Galuyu timamutcha Kapitawo. Dzinali anachita kulipeza yekha, chifukwa chibadwire sanagwirepo ntchito ina kupatula kuyang'anira anthu akamagwira zawo. Ukamachapa ali pomwepo, ukamakonza mpopi ali pomwepo, mutu atapendeketsa ngati akuti ukulakwitsa. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndi chigalu chachikulu, chofika m'ntchafu mwanga. Ana athu awiri atachoka pakhomo kukayamba zawo, amuna anga nawo anapuma pantchito yawo yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Chiyambire apo awiriwa sasiyana. Ngakhale akafuna kundiuza kanthu amadzera mwa galu: “Kapitawo, kawauze mayi ako kuti tiyi wazizira.”

Miyezi iwiri yapitayo anayamba kutsimphina mwendo wakutsogolo wakumanzere. Tinkati wabayidwa ndi minga. Kenaka panatupa cha m'munsi, pafupi ndi phazi. Dokotala atajambula anati ndi khansa ya m'fupa, ndipo ululu wake ndi woopsa, kungoti galu sadziwa kudandaula. Anajambulanso m'chifuwa, anati mapapo panopa akuoneka oyera. Anatiuza kuti njira yochotsera ululuwo ndi kudula mwendo wonse. Amuna anga analira pamaso pa anthu, zomwe sanachite ngakhale tsiku lija wophunzira wawo anagwetsa mpanda wa eni ndi galimoto yawo yatsopano.

Anamudula masabata atatu apitawo. Dzulo lake lomutulutsa dokotala anandiuza kuti, “Mayi, malo ake akhale aukhondo, bala lisalowe dothi.” Aphungu, apa ndiye anafika pantchito yanga. Ndagwira zaka makumi awiri ndi ziwiri kuhotela, khumi mwa izo ndili woyang'anira zipinda. Ine ndikati pansi pawala, ndiye kuti mwamuna angathe kumeta ndevu akudziyang'anira pa matailosi. Nditangofika kunyumba ndinapinda makapeti onse, wa pabalaza, wa mukolido, ngakhale chopondera cha pakhomo, n'kukaika pamwamba pa kabati ya zovala, chifukwa kapeti ndi nyumba ya fumbi ndi tizilombo. Ndimakolopa m'mawa ndi madzulo, kenaka polishi, kenaka kupukuta ndi nsalu youma mpaka pansi palire kuti tswii. Apongozi anga, omwe tikukhala nawo, masiku ano amayenda atagwira khoma, koma iwo ndi okalamba ndipo sasowa podandaulira.

Tsiku lobwera, Kapitawo anatsika m'galimoto titangomugwiriza pang'ono, n'kudumphadumpha yekha pa kapinga mpaka pakhomo. Tinamuombera m'manja. Atangolowa, mwendo wakutsogolo wotsalawo unathawa, anagwa chibwano pansi, n'kutsetsereka mpaka kukagunda firiji. Analira kulira komwe sindinamumvepo. Mawa lake anayesanso, anagwanso. Kuyambira pamenepo ali pa matiresi ake pakona ya pabalaza, sachokapo. Ukamuitana amangogwedeza mchira, kuyang'ana pansi, n'kuyang'ana iwe.

Amuna anga ndiwo asanduka miyendo yake. Amamunyamula kanayi patsiku kupita naye panja. Akamutsitsa pa kapinga amaima, kudzithandiza, nthawi zina n'kuyamba kulowera kumpanda kukanunkhiza, koma bambo amamutola msanga, ati asatope. Sabata yatha msana wawo unachita kuti phwa, pano nawonso akuyenda atapindika ngati akufuna singano pansi.

Aliyense pakhomo pano ali ndi tanthauzo lake. Apongozi akuti ndi manyazi. “Mwamuna wamkulu ngati uyu, akaonekera bwanji kwa anzake ali ndi itatu?” Ndiye amamutonthoza ndi mabisiketi opaka majarini, masoseji, ndi khungu la nkhuku. Inenso ndimamuponyerako kachiwindi, bambo amamugawira za m'mbale mwawo. Aliyense amachita mobisa, koma sikelo ya dokotala sinabise. Ali ndi miyendo inayi ankalemera makilo 34. Tsiku lochotsa ulusi wa pabala, sabata yathayi, anapezeka ndi 35.

Tsiku limenelo kuchipatala, komwe pansi anayalapo mphira, anayenda bwinobwino kuchoka pa sikelo mpaka pakhomo. Dokotala anamwetulira n'kunena kuti, “Wachira bwino ameneyu.” Tili m'galimoto bambo anati wayenda chifukwa cha mantha, ati galu aliyense akaona dokotala amapeza mphamvu. Sitinamuuze dokotalayo kuti kunyumba sayenda. Tinkaopa kuoneka ngati anthu osadziwa kusamala.

Alamu anga, achimwene awo a bambo, ndi owotcherera zitsulo. Anabwera ndi tepi yoyezera, ati amupangira mwendo ndi paipi ya mpando wakale. “Wosachita dzimbiri, alamu, ndipo ndiikapo kasipuling'i kuti azinjanja bwino.” Titakana anakwiya, akupinda tepi yawo n'kunena kuti, “Ndiye mukumuzunziranji? Galu wosayenda ndi galu? Khansa yamugwira paliponse ameneyu, ine ndikuona. Ingomupumitsani.”

Mawu amenewa ndi omwe akhazikika mumtima mwa amuna anga. Dzulo masana ndinawapeza atakhala pansi pambali pa matiresi, akumuuza kuti, “Mkulu wanga, ndinakudulitsa mwendo pachabe. Undikhululukire.” Atandiona anati aimba kale foni, Loweruka teni koloko. Ndinati, “Bambo, tadikirani kaye mwezi uthe.” Iwo anati, “Mwezi wa chiyani, mayi a ana? Azingoyang'ana khoma? Uyu ankathamangitsa njinga yamoto mpaka pakona.” Apongozi akuti tisanatero timuyese kaye mapiritsi awo a nyamakazi, ati iwo amawathandiza kwambiri.

Kapitawo amadya, amagwedeza mchira, akamva geti amauwa ali chigonere. Sakutsokomola. Koma m'nyumba sayenda. Ine mbali yanga ndachita, mulibe kachitsotso ngakhale kamodzi. Kodi tivomereze kuti nthawi yake yakwana? Ngati ndi choncho, ndiwatonthoze bwanji amuna anga?

Ine wothedwa nzeru,
E.T.M., m'tauni momuno

Mayi E.T.M.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Koyamba ndinagwetsa msozi. Kachiwiri ndinavula magalasi, kuwapukuta, n'kutembenuza pepala kuti mwina kumbuyo mwalembako kuti mumangondiyesa. Simunalembe. Ndiye khalani pansi tikambirane, mosamala, poti pansi pa kwanu tapamva.

Mwandiuza kuti muli ndi galu yemwe amayenda pa kapinga, amayenda pa mphira wa kuchipatala, amafuna kukanunkhiza mpanda, koma akaponda matailosi anu amagwa. Ndipo akuluakulu anayi a mano onse, mmodzi atanyamula tepi yoyezera, mwalimbana nayo nkhaniyi masabata atatu n'kupeza kuti vuto ndi manyazi, kapena mantha, kapena khansa. Khansa yaulemu bwanji imeneyi! Imadikira galu alowe kaye m'nyumba. Akatuluka panja imatsala pa matiresi. Kuchipatala imakhala m'galimoto kudikira abwere. Madokotala a dziko lonse akanalipira zolowera kuti adzaione.

Mayi, Kapitawo akuopa kugwa. M'nyumba monsemo ndi iye yekha amene anaphunzirapo kanthu pa ngozi ya firiji ija.

Galu amanyamula gawo lalikulu la thupi lake ndi miyendo yakutsogolo. Wanu watsala ndi umodzi, ndipo akadumpha kulemera konseko kumatera pa kaphazi kamodzi kongofanana ndi chivindikiro cha botolo la jamu. Inu mwatenga kaphazi kameneko n'kukauza kuti katere pamalo pomwe ntchentche ikatera imatsetsereka. Amuna anu aphunzitsa anthu galimoto moyo wawo wonse. Afunseni zomwe zimachitika akagwira buleki pamsewu pomwe patayikira mafuta. Afunseninso ngati zikatero amaitana ogula zitsulo zakutha kuti adzatenge galimotoyo.

Ntchito yanu sindikuinyoza. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za kuhotela si masewera, ndipo galasi langa likadzasweka ndikudziwa kodzametera. Koma dokotala anati bala lisalowe dothi. Balalo lili paphewa pa galu, mayi. Ukhondo womwe ankanena ndi zogonera zochapa, bala louma, ndi lilime la galu kutali ndi ulusi. Sanakutumeni kuti musandutse kolido bwalo la mpikisano wotsetsereka. Ndipo apongozi anu akamayenda atagwira khoma, sakufuna podandaulira ayi. Gogoyo akupulumutsa chiuno chake. Mukapitiriza chonchi, ulendo wotsatira ndi wa kuchipatala cha anthu, ndipo kumeneko mukafotokozere achibale a amuna anu za nsalu youma ija.

Lero lomwe, musanamalize kundikwiyira, tsitsani makapeti aja. Yalani njira yosadukiza kuchokera pa matiresi ake kufika pakhomo, ina kufika pomwe amadyera ndi kumwera madzi. Pasatsale mpata wa matailosi pakati, chifukwa iye akaima pomwe kapeti wathera n'kukuyang'anani monga mwa nthawi zonse. Kapeti woyenda pansi ndi msampha winanso, ndiye ikani mphira kunsi kwake kapena mumate ndi tepi. Akachepa, zopondera za mphira za kubafa kapena za m'galimoto zimathandiza. Polishi mumupatse tchuthi chosadziwika tsiku lobwerera. Kolopani ndi madzi ndi sopo, muumitse, basi. Ndikudziwa kuti zikuwawa. Limbani mtima, anzanu anasiya fodya ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo akadali moyo.

Musayembekezere kuti akangoona kapeti adzuka n'kuyamba kuvina. Wagwa kawiri, ndipo galu saiwala pomwe anagwera. Tengani thawulo lalikulu, mulipise kunsi kwa chifuwa chake, kuseri kwa mwendo wotsalawo, osapanikiza chipsera, mugwire nsonga zake pamwamba ngati mwanyamula chikwama. Thawulolo ndi longomugwiriza, kuyendako ayende yekha. Mapazi asanu, khumi, apume. Kangapo patsiku, kuonjezera pang'onopang'ono, chifukwa minofu yomwe yagona masabata atatu imafuna kunyengerera. Kukwera masitepe, kudumphira pa sofa ndi njinga zamoto zija zidikire. Zikhadabo ziwengedwe, poti zikatalika phazi silitera bwino. Mbale yake muikweze pang'ono kuti asamachite kuwerama ndi mwendo umodzi ngati akupepesa.

Apa ndi pomwe alamu anu a zitsulo angalowere, poti manja akuwayabwa. Awotcherere kachitsulo koikapo mbale, n'kulekera pomwepo. Paipi ija ibwerere ku mpando. Za khansa yomwe anaiona ndi maso akupinda tepi, auzeni kuti dziko lawathokoza, koma makina ojambulira sanawachotse ntchito. Munthu yemwe teni koloko amafuna kumupangira galu mwendo, teni koloko ndi theka n'kumugamulira imfa chifukwa choti mwakana sipuling'i, ameneyo mumupatse tiyi, nkhani za moyo muzikamba atachoka.

Bambo a kunyumba asiye kunyamula. Chikondi chawo ndachiona, n'chachikulu, chikulemera makilo 35. Koma akamutsitsa galu pa kapinga, iye n'kuyamba kulowera kumpanda, manja awaike m'thumba. Kumeneko ndiko kuchira komwe akukulirira, ndipo iwo akukutola n'kukubwezera m'nyumba kanayi patsiku. Munthu wophunzitsa galimoto akudziwa kuti wophunzira sadziwa kuyendetsa ngati mphunzitsi sachotsa dzanja pachiongolero.

Tsopano komiti ya zakudya. Ndikuvulira chipewa banja lomwe lakwanitsa chinthu chovuta chonchi: kuchotsa mwendo wathunthu pa galu, galuyo n'kulemera kuposa kale. Si aliyense angathe. Koma kilo iliyonse yoonjezera imatera pa mwendo umodzi uja, ndipo wosinthira kulibe. Munthu mmodzi yekha ndiye azidyetsa, ndi muyeso womwe dokotala anene. Amene chisoni chamugwira amukande kuseri kwa khutu, sizinenepetsa. Apongozi muwauze mwaulemu wonse kuti agalu sachititsa misonkhano yowerengana miyendo. Anzake akakumana naye amanunkhiza kwina, ndipo kumeneko dokotala sanakhudzeko.

Pa mapiritsi a gogo ndasiya nthabwala. Asayandikire pakamwa pa galu, ngakhale theka. Mankhwala ambiri opha ululu a anthu amawononga m'mimba ndi impso za galu, ena amapha. Ngati akumva kupweteka, ndipo n'zotheka, dokotala ali ndi oyenera ndi muyeso wake.

Komatu chomwe chandikwiyitsa zenizeni ndi china. Munaima pamaso pa dokotala, iye akuti wachira bwino, inu nonse n'kugwedeza mitu, kubisa chinthu chimodzi chomwe ankafunika kumva. Manyazi omwe mukumunamizira Kapitawo aja, eni ake ndinu. Mukanangoti, “Adokotala, kuno akuyenda koma kunyumba amagwa,” funso lake loyamba likanakhala loti kwanu pansi pali chiyani, nkhani n'kuthera pomwepo. M'malo mwake munasunga ulemu wanu, patatha sabata n'kumuimbira foni kupempha jakisoni. Munaona kuti kupha galu n'kosachititsa manyazi kusiyana ndi kufunsa funso.

Mwafunsa mmene mungatonthozere amuna anu. Auzeni kuti sanamudulitse pachabe. Fupa lija linkamudya osapuma, ndipo galu amene akudya, kuuwa geti ndi kugwedeza mchira akusonyeza kuti ululu uja wamuchoka. Koma pakamwa pokha sizimveka, poti mawu a achimwene awo analowa kale. Yalani makapeti, muwakhazike pampando apumitse msanawo, aone okha. Ndipo musayambitse mlandu woti analakwa ndani. Inu munapukuta, iwo ananyamula, gogo anadyetsa, nonse chifukwa chomukonda. Mpeni wa dokotala anaupirira, tsopano muthandizeni kupirira chikondi chanu.

Sindikunamizani, mayi. Ine galuyu sindinamuone, ndangoona kalata. Kudula mwendo kumachotsa ululu, koma khansa ya m'fupa nthawi zambiri imakhala itafalikira kale kwina mosaoneka, makamaka kumapapo, ngakhale chithunzi choyamba chioneke choyera. Mufunseni dokotala ngati pali chithandizo chotsatira, ndi nthawi yomujambulanso. Mukaona akutsokomola, akupuma movutika ali chigonere, wasiya kudya, akuonda mosadziwika bwino, mwendo wina watupa kapena akuutsimphina, kapena chipsera chikutuluka madzi n'kumanunkha, thamangani naye, musadikire msonkhano wa banja. Ndipo ngati mwayala makapeti, mwamugwiriza ndi thawulo, koma akukanikabe kuima ngakhale pa kapinga, ndiye kuti wolakwitsa ndine, dokotala afufuze mozama. Tsiku lomwe amuna anu akuliopa likhoza kudzafika, mwina m'miyezi ikubwerayi. Likadzafika, kumupumitsa kudzakhala chifundo, ndipo mukadzandilembera sindidzaseka.

Koma galu samupha chifukwa cha matailosi. Zomwe anapangana pafoni zija musazisinthe, Loweruka teni koloko pitani ndithu. Mukanene zonse osabisa kanthu, akamuyeze, akamujambule ngati n'kofunika. Mpando wakumbuyo muyalepo bulangeti, poti pobwerera mukhala muli atatu.

Aphungu